Kukuza minofu ya pachifuwa ndi m'mapewa ponyamula zitsulo

Kunyamula zitsulo ndi njira yolimbitsira thupi imene munthu amakankha kapena kukoka chinthu cholemera mobwerezabwereza pofuna kuti minofu ikule ndi kukhala yamphamvu. Masewerowa afala m'mizinda yathu. Ena amalipira mwezi ndi mwezi ku jimu, pamene ena amakumana kuseri kwa nyumba n'kumanyamula zitsulo za galimoto zakutha kapena konkire youmbidwa m'zitini za penti. Ambiri mwa iwo mtima wawo umakhala pa chifuwa ndi mapewa, poti ndi ziwalo zimene zimaonekera msanga munthu akavala malaya, ndiponso n'zimene anthu amadziwira adzitho. Komatu phewa silichedwa kuvulala, ndipo likavulala limatenga miyezi kuti lichire. N'chifukwa chake wofuna chifuwa chotambalala ayenera kudziwa kaye mmene ziwalozi zinapangidwira.

Minofu yake ndi ntchito zake

Mnofu waukulu wa pachifuwa, umene madokotala amautcha pectoralis major, ulipo mbali zonse ziwiri ndipo unayala ngati chikupiziro. Umayambira pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi, pa fupa la pakati pa chifuwa ndi kutsogolo kwa nthiti, kenako umasonkhana n'kukagwira pa fupa la mkono pafupi ndi khwapa. Ntchito yake ndi kubweretsa mkono kutsogolo ndi kuukokera pakati pa thupi, monga mmene munthu amachitira pokankha wilibala kapena pokumbatira mnzake. Gawo lake lam'mwamba limagwira ntchito kwambiri mkono ukamakankha chokwera, ndipo gawo lalikulu lam'munsi limagwira kwambiri ukamakankha molunjika kapena chotsika. Pansi pa mnofuwu pali wina waung'ono wotchedwa pectoralis minor, umene umakokera fupa la kumbuyo kwa phewa kutsogolo ndi pansi.

Mnofu wophimba phewa umatchedwa deltoid ndipo uli ndi magawo atatu. Lakutsogolo limakweza mkono kutsogolo, lam'mbali limaukweza cham'mbali, ndipo lakumbuyo limaukokera m'mbuyo. Gawo lam'mbali ndi limene limachititsa mapewa kuoneka otambalala.

M'kati mwa phewa muli timinofu tinayi timene pamodzi timatchedwa rotator cuff. Sitioneka pagalasi, koma ndi timene timagwira mutu wa fupa la mkono kuti usachoke m'malo mwake. Mfundo ya paphewa imatembenuka mbali zambiri kuposa mfundo ina iliyonse m'thupi chifukwa kabowo kamene mutu wa fupalo umakhalamo n'kosazama. Kusazamako ndi kumenenso kumachititsa kuti phewa ligulumuke kapena kupweteka mosavuta. Pokankha chitsulo, minofu yonseyi imathandizana ndi triceps, mnofu wa kumbuyo kwa mkono umene umawongola chigongono.

Mbiri mwachidule

Agiriki akale ankasimba za katswiri wina wogwetsana dzina lake Milo wa mumzinda wa Croton, amene akuti ankanyamula mwana wa ng'ombe paphewa tsiku ndi tsiku mpaka anakula kukhala nkhunzi. Kaya zinachitikadi kaya ndi nthano chabe, mfundo yake ndi imene ophunzitsa masewerowa amatsatira mpaka lero: katundu azikwera pang'onopang'ono thupi likamazolowera.

Mpikisano waukulu woyamba woonetsa minofu anaukonza ndi Eugen Sandow mumzinda wa London m'chaka cha 1901. M'zaka za m'ma 1940, dokotala wa asilikali a dziko la America, Thomas DeLorme, anagwiritsa ntchito zitsulo pothandiza asilikali ovulala pankhondo yachiwiri ya padziko lonse kuti minofu yawo ibwerere mwakale. Ndondomeko ya maseti atatu a maulendo 10, imene ambiri amaitsatira ku jimu, inafala kuchokera ku ntchito yakeyo.

Kukankhira chitsulo pamwamba pa mutu munthu ali chiimire kunali m'gulu la mipikisano ya Olympics mpaka pa masewero a ku Munich mu 1972. Atatha masewerowo anakuchotsa chifukwa opikisana ankapendekera m'mbuyo kwambiri moti oweruza ankavutika kugamula. Bench press, imene munthu amakankha chitsulo atagona chagada pabenchi, ndi imodzi mwa mitundu itatu ya mpikisano wa powerlifting, ndiponso ndi imene anthu aulumali amapikisana pa masewero a Paralympics, kumene maiko a Nigeria ndi Egypt akhala akuchita bwino. Mpikisano wa Mr. Olympia unayamba mu 1965, ndipo Arnold Schwarzenegger anaupambana maulendo 7.

Mmene mnofu umakulira

Mnofu ukakakamizidwa kugwira ntchito yolemera kuposa imene unazolowera, thupi limawonjezera mapuloteni m'timinyewa take ndipo timanenepa. Ntchito yomangayi imachitika munthu akamapuma, makamaka pa tsiku limodzi kapena awiri otsatira. Choncho zinthu zitatu ziyenera kuyendera limodzi: kunyamula, kudya ndi kupuma.

Pa masabata oyambirira mphamvu zimakwera msanga ngakhale thupi silinasinthe maonekedwe. Izi zimachitika chifukwa ubongo ndi mitsempha zikuphunzira kugwiritsa bwino ntchito minofu imene ilipo kale. Kukula koonekera kumayamba pakatha pafupifupi miyezi iwiri munthu akuchita mosadukiza, ndipo kusintha kwakukulu kumatenga zaka. Liwiro lake limasiyana malinga ndi chibadwa, msinkhu ndi kadyedwe.

Ku jimu, kukweza ndi kutsitsa chitsulo kamodzi ndi ulendo umodzi, ndipo maulendo ochitidwa motsatizana osapuma amapanga seti. Pokuza mnofu, ambiri amasankha chitsulo chimene angachinyamule maulendo 6 mpaka 12. Chopepukirapo cha maulendo 15 kapena 20 chimakuzanso mnofu, bola seti ithe munthu atatsala pang'ono kulephera. Maseti pafupifupi 10 pa sabata pa mnofu uliwonse, ogawidwa masiku awiri, ndi poyambira pabwino. Pakati pa maseti olemera munthu apume mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo pa opepuka mphindi imodzi kapena ziwiri n'zokwanira.

Masewero a pachifuwa

*Bench press.* Ndodo yachitsulo ya pampikisano, yotchedwa barbell, imalemera makilogalamu 20 payokha ndipo ndi yaitali mamita 2.2, ya amayi imalemera makilogalamu 15. Wonyamula amagona chagada maso ali pansi pa ndodo, mapazi ataponda pansi mwamphamvu, mutu, mapewa ndi matako zitakhudza benchi. Asanachotse ndodo pachoikira, amakokera mapewa m'mbuyo ndi pansi ngati akufuna kupana cholembera pakati pa msana, ndipo amakhala choncho mpaka seti itatha. Manja amagwira motalikirana pang'ono kuposa kutambalala kwa mapewa, chala chachikulu chitazungulira ndodo. Ndodoyo imatsika mwachifatse mpaka kukhudza m'munsi mwa fupa la pakati pa chifuwa, kenako imakankhidwa kubwerera pamwamba pa mapewa. Zigongono zisatambasuke n'kulingana ndi mapewa; zikhale chapakati, pafupifupi madigiri 45 mpaka 60 kuchokera m'nthiti. Kudumphitsa ndodo pachifuwa ndi kudzutsa matako pabenchi kumachepetsa ntchito ya mnofu ndipo kumaika nthiti ndi msana pangozi.

*Incline press.* Benchi ikadzutsidwa pafupifupi madigiri 30, gawo lam'mwamba la chifuwa limagwira ntchito yochuluka. Ikadzutsidwa kupitirira madigiri 45, katundu wambiri amasamukira kutsogolo kwa phewa. Ma dumbbell, zitsulo zifupizifupi zogwira dzanja lililonse chakechake, amathandiza kuti mkono wofooka usabisale kumbuyo kwa wamphamvu.

*Push-up.* Safuna chida chilichonse ndipo amagwiritsa ntchito minofu yomweyo ya bench press. Thupi likhale lowongoka ngati thabwa kuchokera kumutu mpaka kuzidendene, chifuwa chitsike mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi. Woyamba kumene akhoza kutsamira patebulo kapena kugwada. Amene wafika pa maulendo 20 kapena 30 mosavuta aike mapazi pampando kapena abereke chikwama cha mabuku kumsana.

*Dips.* Munthu amadzikweza pa ndodo ziwiri zoyandikana, n'kutsika atawerama pang'ono mpaka phewa litalingana ndi chigongono. Amalimbitsa m'munsi mwa chifuwa ndi triceps. Kutsika mopitirira pamenepa kumakoka kwambiri kutsogolo kwa phewa, ndipo amene akumva kupweteka paphewa ndi bwino awasiye.

*Fly.* Atagona pabenchi ndi ma dumbbell opepuka, munthu amatambasula mikono m'mbali zigongono zitapindika pang'ono, kenako n'kuibweretsa pamodzi ngati akukumbatira mtengo waukulu. Apa triceps sathandiza, choncho chitsulo chiyenera kupepuka kwambiri kuposa cha press, ndipo zigongono zisatsike kwambiri kupitirira benchi.

Masewero a mapewa

*Overhead press.* Munthu amaima mapazi atatalikirana molingana ndi chiuno, ndodo ili kutsogolo kwa mapewa m'munsi mwa chibwano. Amalimbitsa mimba ndi matako, amabweza mutu m'mbuyo pang'ono kuti ndodo idutse, n'kukankha molunjika mpaka mikono itawongoka pamwamba pa mutu. Kupendekera m'mbuyo, kumene kunachotsetsa seweroli ku Olympics, ndi chizindikiro chakuti chitsulo chalemera mopitirira, ndipo kumapweteka msana wam'munsi. Akhozanso kuchita atakhala pabenchi yotsamira pogwiritsa ntchito ma dumbbell. Kukankha ndodo kuchokera kumbuyo kwa khosi kumafuna mapewa omasuka kwambiri, ndipo sikupereka phindu loposa kukankha kuchokera kutsogolo.

*Lateral raise.* Ma dumbbell ali m'mbali mwa ntchafu, mikono imakwera cham'mbali ndi kutsogolo pang'ono mpaka kulingana ndi mapewa, kenako imatsika mwachifatse. Ili ndilo sewero lolunjika pa gawo lam'mbali. Makilogalamu atatu mpaka asanu m'dzanja lililonse amakwanira oyamba kumene ambiri. Amene akugwedeza thupi kuti chitsulo chikwere ndiye kuti ntchito akuipereka kwa chiuno ndi khosi.

*Reverse fly ndi face pull.* Pa reverse fly munthu amawerama msana uli wowongoka n'kutambasula mikono m'mbali. Pa face pull amakokera chingwe kapena lamba wa mphira kunkhope, zigongono zili m'mwamba. Onse awiri amalimbitsa kumbuyo kwa phewa ndi pakati pa msana.

Gawo lakutsogolo la phewa limagwira kale ntchito pa press iliyonse, motero kawirikawiri silisowa sewero lapadera. Limene ambiri amalinyalanyaza ndi lakumbuyo, poti silioneka pagalasi. Ophunzitsa amalangiza kuti maseti okoka, monga row ndi pull-up, asachepe poyerekeza ndi okankha, kuti phewa likhale lolimba mbali zonse.

Chitsanzo cha ndondomeko ya sabata

Asanagwire chitsulo cholemera, munthu atenthetse thupi kwa mphindi 5 mpaka 10 poyenda mwandawala kapena kudumpha chingwe, azungulize mikono, kenako achite maseti awiri kapena atatu opepuka a sewero loyamba.

Lolemba: bench press, maseti atatu a maulendo 6 mpaka 8, incline press ya ma dumbbell, maseti atatu a 8 mpaka 12, row, maseti anayi a 8 mpaka 12, lateral raise, maseti atatu a 12 mpaka 15.

Lachinayi: overhead press, maseti atatu a maulendo 6 mpaka 8, push-up kapena dips, maseti atatu, fly, maseti awiri a 12 mpaka 15, pull-up, maseti anayi, reverse fly, maseti atatu a 15.

Ndondomekoyi imapatsa chifuwa maseti 11 pa sabata ndi masiku opuma pakati. Lachiwiri ndi Lachisanu akhoza kukhala a miyendo ndi mimba. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kulimbitsa minofu ikuluikulu yonse masiku osachepera awiri pa sabata, kuwonjezera pa mphindi 150 mpaka 300 za masewero ena monga kuyenda mwandawala kapena kupalasa njinga.

Munthu akafika pa maulendo apamwamba m'maseti onse popanda kukhotetsa thupi, awonjezere makilogalamu 2.5 pa bench press, ndipo pa masewero a mapewa awonjezere ochepera apo. Kulemba m'kope chitsulo ndi maulendo a tsiku lililonse ndi njira yodziwira ngati zinthu zikuyenda. Pang'onopang'ono ndi mtolo: makilogalamu 2.5 owonjezera mwezi uliwonse amakwana 30 pachaka.

Chakudya ndi tulo

Kafukufuku amaonetsa kuti wofuna kukuza minofu amapindula akamadya pafupifupi magalamu 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Munthu wolemera makilogalamu 70 amafunika magalamu 112. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 8, ndipo magalamu 100 a mtedza ali ndi 25. Theka la kulemera kwa soya pisi wouma ndi mapuloteni, chimodzimodzinso nsomba zouma monga usipa ndi matemba. Nyemba, nandolo, khobwe, nkhuku ndi chambo zimathandizanso. Ndi bwino kugawa zakudyazi katatu kapena kanayi patsiku kusiyana ndi kuunjika zonse madzulo.

Nsima, mpunga, mbatata ndi chinangwa zimapereka mphamvu zonyamulira, ndipo wochepa thupi amene sakudya mokwanira sangakule ngakhale atalimbikira chotani. Ufa wa mapuloteni wogulitsidwa m'zigubu ndi chakudya chabe, chimene chimangofupikitsa ntchito yophika. Amene akukwanitsa mlingo wake ndi ndiwo za masiku onse sakuufunika. Munthu wamkulu agone maola osachepera 7 usiku uliwonse. Mowa wambiri umasokoneza tulo komanso ntchito yomanga minofu.

Ngozi ndi kapewedwe kake

Ngozi yoopsa kwambiri pa bench press ndi ya ndodo kugwera pachifuwa kapena pakhosi, ndipo anthu ena anafapo akunyamula okha. Mutu umodzi susenza denga: pa chitsulo cholemera pakhale mnzake woima kumutu, wokonzeka kugwira ndodo, kapena pakhale zitsulo zotchinga m'mbali mwa benchi. Wonyamula yekha asankhe ma dumbbell kapena push-up. Kugwira ndodo chala chachikulu chili mbali imodzi ndi zala zinazo kumachititsa kuti ndodo ipulumuke m'manja.

Mnofu waukulu wa pachifuwa ukhoza kuduka pafupi ndi pamene unagwira fupa la mkono, makamaka ndodo yolemera ikafika pansi pa bench press. Munthu amamva kuthetheka ndi ululu wadzidzidzi, magazi amaundana pansi pa khungu la mkono, ndipo kutsogolo kwa khwapa kumasintha maonekedwe. Wotere apite kuchipatala msanga, chifukwa opareshoni imayenda bwino ikachitika m'masabata oyambirira.

Kuphwanya kwa minofu kumene kumayamba tsiku lotsatira n'kutha pakapita masiku awiri kapena atatu si matenda. Chimene sichiyenera kunyalanyazidwa ndi ululu wobaya m'kati mwa mfundo, ululu wodzutsa munthu usiku, dzanzi m'manja, kapena kulephera kukweza mkono. Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, pamodzi ndi kutupa ndi kupweteka kwambiri kwa minofu pambuyo pa masewero opitirira muyezo, ndi chizindikiro chakuti minofu yawonongeka moti impso zili pachiswe, ndipo munthu athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso kupanikizika pachifuwa kofika kumkono kapena kuchibwano, befu wachilendo ndi chizungulire, chifukwa zikhoza kukhala za mtima.

Kugwira mpweya pokankha chitsulo cholemera kumakweza kuthamanga kwa magazi kwakanthawi. Odwala BP, mtima kapena shuga, amayi oyembekezera ndi amene achitidwa opareshoni posachedwa ayambe aonana ndi dokotala. Pa maseti wamba, munthu akoke mpweya potsitsa ndi kuutulutsa pokankha.

Mankhwala okuzira minofu

Ma steroid okuzira minofu ndi mankhwala otsanzira testosterone, mahomoni a amuna. Amakuzadi minofu, koma mtengo wake ndi wowawa. Amakweza BP, amawononga mtima ndi chiwindi, amachepetsa umuna mpaka munthu kulephera kubereka, amameretsa mabere mwa amuna, ndipo amayi amamera ndevu ndi kusintha mawu. Kubwerekana jakisoni kumafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Amene amagulitsidwa mobisa sadziwika zimene zili m'kati mwake. Bungwe la WADA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limawaletsa m'masewero a mpikisano.

Zikhulupiriro zina

Pali amene amati munthu akasiya zitsulo minofu imasanduka mafuta. Mnofu ndi mafuta ndi zinthu zosiyana. Chimene chimachitika n'chakuti mnofu umaphwa, ndipo ngati munthu akudyabe monga kale, mafuta amachuluka. Ena amaganiza kuti press imasungunula mafuta a pachifuwa, koma mafuta amachepa m'thupi lonse malinga ndi kadyedwe, ndipo munthu sangasankhe malo oti achoke. Bambo amene ali ndi chotupa cholimba kuseri kwa nsonga ya bere akaonane ndi dokotala, poti zitsulo sizichotsa chotupacho. Amayi ambiri amaopa kuti adzaoneka ngati amuna, koma testosterone wawo ndi wochepa kwambiri moti zitsulo zimangowalimbitsa minofu ndi mafupa. Palibenso umboni wakuti achinyamata amapinimbira akamanyamula zitsulo zoyenera msinkhu wawo moyang'aniridwa ndi munthu wodziwa.

Kwa amene alibe jimu

Mnofu sudziwa mtengo wa chitsulo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, motero chigubu cha malita asanu ndi makilogalamu asanu, chokwanira lateral raise, ndipo cha malita 20 chikhoza kugwira ntchito pa row. Oumba zitsulo za konkire aziyeze pasikelo kuti mbali ziwiri zikhale zofanana, chifukwa kusiyana kwa makilogalamu awiri okha kumapendeketsa ndodo n'kulemetsa phewa limodzi. Paipi yapakati ikhale yochindikala ndi yopanda dzimbiri, benchi isagwedere, ndipo choikira ndodo chikhale chowotcheredwa bwino. Popeza konkire singachepetsedwe kapena kuwonjezedwa pang'onopang'ono, amene ali ndi ndodo imodzi yokha apite patsogolo powonjezera maulendo ndi maseti, kapena potsitsa chitsulo kwa masekondi atatu kapena anayi pa ulendo uliwonse, mpaka atakonzeka kuumba ina yolemerapo.